Mwafunsa, Tayankha: Lumo la Ounika Mafilimu ndi Filimu ya Oscar Micheaux ya 1920

Makalata asanu a mwezi uno akumana pa filimu imodzi yopanda mawu, Within Our Gates, imene Oscar Micheaux anaitulutsa ku Chicago mu Januwale 1920. Tawaika pamodzi chifukwa yankho la funso lina likutsamira pa linzake.

FUNSO: Akonzi, aphunzitsi athu a mbiri anatiuza kuti mwa mafilimu aatali opangidwa ndi munthu wakuda wa ku America, imeneyi ndiyo yakale kwambiri imene ilipobe, ndipo inavutika kuti ionetsedwe. Muli chiyani m'kati mwake choti akuluakulu a mzinda n'kuchita nacho mantha? Wophunzira wa ku Zomba

YANKHO: Aphunzitsi anu akunena zoona. Micheaux anali atapanga kale filimu ina mu 1919, The Homesteader, koma imeneyo inatayika. Iyeyu anabadwa mu 1884 kufupi ndi Metropolis m'chigawo cha Illinois, anagwirapo ntchito yotumikira apaulendo m'sitima za Pullman, analimako ku South Dakota, kenako n'kuyamba kulemba mabuku amene ankagulitsa yekha khomo ndi khomo.

Nkhani ya filimuyi ndi ya Sylvia Landry, mbali imene anaisewera Evelyn Preer. Sylvia akuthandiza pasukulu ya ana akuda ya Piney Woods kummwera kwa America, kumene boma limapereka $1.49 pachaka pa mwana aliyense wakuda. Sukulu yatsala pang'ono kutsekedwa, ndiye iye apita ku Boston kukapempha thandizo, ndipo mayi wina wachizungu wachuma amaliza ndi kupereka $50,000. Ikanathera pomwepo, palibe akanatukula nsidze.

Moto uli chakumapeto, pamene filimu ibwerera m'mbuyo kukaonetsa kumene Sylvia anachokera. Bambo womulera, Jasper Landry, ndi tenanti pamunda wa thonje wa mzungu wotchedwa Philip Gridlestone. Popeza Sylvia anapita kusukulu, akhala pansi n'kuwawerengera bambo akewo zokolola ndi ngongole zonse kuti chaka chino asaberedwe. Jasper apita kwa bwana ali ndi masamu ake, mkangano ubuka, ndipo mlimi wina wachizungu amene Gridlestone anamuberanso awombera bwanayo ali panja. Wantchito wa m'nyumba, Efrem, wakuda koma wokonda kudzigulira malo kwa azungu, athamanga kukalengeza kuti wapha ndi Jasper. Gulu la azungu lisakasaka banjalo m'tchire, lipeza Jasper ndi mkazi wake, liwapachika, kenako litentha mitembo. Pagulupo pali amayi ndi ana omwe, ngati abwera kudzaonerera chisangalalo. Efrem naye apachikidwa ndi anthu omwewo amene ankawanyengerera.

Micheaux sanaonetse zimenezi motsatizana ayi. Anazilukana ndi chochitika china: kunja moto ukuyaka, m'nyumba Armand Gridlestone, m'bale wake wa malemuyo, akulimbana ndi Sylvia kufuna kumugwirira. Chithunzi chipita kumoto, chibwerera m'chipinda, chipitanso kumoto. Armand aleka pokhapokha ataona chipsera pachifuwa cha mtsikanayo, chimene chimuuza kuti uyu ndi mwana wake womubereka yekha. Azungu a nthawi imeneyo ankati amapachika amuna akuda pofuna kuteteza akazi awo. Micheaux anaonetsa mbali imene sankainena, ndipo ife timaona kuti mphamvu yonse ya filimuyi yagona pa mphindi zimenezi.

Tsopano onani nyengo yake. Pa 27 Julaye 1919 mnyamata wakuda wa zaka 17, Eugene Williams, anamira m'nyanja ya Michigan atagendedwa ndi miyala chifukwa choyandikira gombe limene azungu ankati n'lawo. Zipolowe zimene zinatsatira zinatha sabata yathunthu ndipo anthu 38 anafa, 23 akuda ndi 15 azungu. Chaka chisanathe, filimu ya Micheaux inali patebulo la ounika mafilimu a mzinda womwewo. Ulendo woyamba anaikana, ati idzutsanso zipolowe. Poionera kachiwiri anaitana atsogoleri a m'dera, ndipo ngakhale atsogoleri akuda anagawikana: ena, kuphatikizapo abusa, ankati chilonda chikadali chachiwisi, ena ankati anthu ayenera kuona zimene zikuchitikira abale awo kummwera. Chilolezo chinatuluka, filimu inayamba kuonetsedwa pa 12 Januwale 1920 kunyumba ya kanema ya Vendome, koma Micheaux mwiniwake analengeza pambuyo pake kuti mafiti 1,200 anali atachotsedwa pa kuonetsa koyambako ndipo tsopano wawabwezeretsa.

FUNSO: America imadzitama ndi ufulu wolankhula. Nanga zinatheka bwanji kuti mzinda uziletsa filimu? Kodi zinali ngati bungwe lathu la Censorship Board kuno? Bambo wa ku Mzuzu

YANKHO: Bambo, chofanana n'chakuti filimu inkayenera kuonedwa ndi kupatsidwa chilolezo isanafike kwa anthu, monganso limanenera lamulo lathu la 1968. Chosiyana n'chakuti ku America kunalibe bungwe limodzi la dziko lonse lokhala ndi mphamvu ya lamulo. Mzinda uliwonse kapena chigawo chilichonse chinkatha kukhazikitsa lake. Chicago ndiyo inayamba mu 1907, pamene inapatsa apolisi mphamvu yopereka kapena kukana zilolezo, ndipo khoti lalikulu la Illinois linavomereza lamulolo mu 1909. Zigawo zinatsatira: Pennsylvania mu 1911, Ohio ndi Kansas mu 1913, Maryland mu 1916, New York mu 1921, Virginia mu 1922. Ku New York kunalinso National Board of Censorship, imene inayamba mu 1909 n'kudzasintha dzina kukhala National Board of Review, koma iyi inalibe mphamvu ya lamulo. Chidindo chake sichinkaletsa wapolisi wa ku Chicago kutenga lumo.

Funso la ufulu wolankhula linafika kukhoti la Supreme m'mlandu wa kampani ya Mutual Film Corporation ndi boma la Ohio. Lamulo la Ohio linkati filimu ivomerezedwe pokhapokha ounika akaona kuti ndi yamakhalidwe abwino, yophunzitsa, kapena yosangalatsa popanda kuvulaza. Pa 23 Febuluwale 1915 oweruza onse anagwirizana, m'chigamulo cholembedwa ndi Joseph McKenna, kuti kuonetsa mafilimu ndi bizinesi chabe yofuna phindu, si gawo la nyuzipepala kapena njira yofalitsira maganizo a anthu. Kuyambira pamenepo mkonzi wa nyuzipepala ankatha kulemba za kupachikidwa kwa munthu, koma wojambula filimu akaonetsa nkhani yomweyo ankayenera kupempha chilolezo.

Chigamulocho chinakhala zaka 37. Chinagwa mu 1952 pa mlandu wa Joseph Burstyn ndi Wilson, wokhudza filimu ya ku Italy ya Roberto Rossellini, patatha chaka chimodzi Micheaux atamwalira. Mu 1965 khoti linawonjezera kuti bungwe likafuna kuletsa filimu, udindo wopereka umboni ndi wake ndipo liyenera kupita msanga kwa woweruza. Mabungwe anayamba kufa limodzilimodzi, lomaliza la chigawo, la Maryland, linatseka mu 1981.

FUNSO: Ine ndimakonza mavidiyo a maukwati pakompyuta. Ndikadula kanthu ndimatha kukabwezera. Kodi iwo ankadula bwanji, ndipo mafiti 1,200 ndi nthawi yaitali bwanji? Mnyamata wa ku Lilongwe

YANKHO: Achimwene, funso lanu ndiye lafika pamtima pa nkhaniyi, chifukwa kudula kwa nthawi imeneyo kunali kudula kwenikweni, ndi lumo, pa chinthu chogwirika.

Tiyambe ndi masamu. Filimu inali lamba wa mamilimita 35 m'lifupi, wokhala ndi timabowo m'mbali zonse ziwiri, tinayi pa kachithunzi kalikonse. Futi imodzi inkanyamula tizithunzi 16. Mpukutu umodzi unali pafupifupi mafiti 1,000, ndiwo mamita 305, kutanthauza tizithunzi 16,000. Makamera ankapukusidwa ndi dzanja ndipo liwiro loonetsera silinali limodzi paliponse. Pa tizithunzi 16 pasekondi mpukutu unkatha mphindi pafupifupi 17, pa tizithunzi 20 unkatha mphindi 13. Ndiye mafiti 1,200 ndi tizithunzi 19,200, nthawi ya pakati pa mphindi 16 ndi 20. Filimu imene tili nayo lero ndi ya mphindi pafupifupi 79. Mukhoza kuona nokha kuti sikunali kumeta m'mbali, kunali kuchotsa chiwalo.

Ndondomeko yake inali yotere. Mwini filimu ankanyamula kope lathunthu kupita nalo kuchipinda choonetsera cha ounika n'kulipira. Ku Ohio mtengo unali dola imodzi pa mpukutu wosapitirira mafiti 1,000. Ounika ankaonera akulemba, mpukutu ndi mpukutu, zimene ziyenera kuchoka. Ku Chicago mayankho anali atatu: chilolezo cha onse, chilolezo cha pinki cha akuluakulu okha, kapena kukana. Mndandanda wa zodulidwa za ku Chicago unkasindikizidwa m'magazini ya amalonda a mafilimu ya Exhibitors Herald, n'chifukwa chake lero timadziwa zimene zinali m'mafilimu ena amene anatayika: chotsala chake ndi mndandanda wa zimene zinaletsedwa. Ku Pennsylvania ndi ku Ohio, filimu ikavomerezedwa ankamatirirako kachidutswa ka chidindo cha bungwe kuti kaoneke pachinsalu.

Kudula kunali kwa mitundu itatu. Pena ankachotsa chochitika chonse. Pena ankalamula kuti chifupikitsidwe chingothwanima n'kuzimirira, ndipo mafiti atatu akatsala ndiye kuti ndi tizithunzi 48, masekondi atatu basi. Njira yachitatu ndiyo inali yotsika mtengo komanso yoopsa kwambiri: kusintha makadi a mawu. Popeza filimu inalibe mawu omveka, zokamba za anthu ndi malongosoledwe zinkalembedwa pa makadi ojambulidwa n'kulowetsedwa pakati pa zithunzi. Kuchotsa khadi limodzi n'kuikapo lina kunkatha kusandutsa chibwenzi kukhala mkazi wapanyumba, kapena mlandu kukhala maloto, zithunzi zili zomwezo.

Kulumikiza kwake nako kunali ndi malamulo ake. Mbali imodzi unkadula ndendende pamzere wa pakati pa tizithunzi tiwiri. Mbali inayo unkasiya kamlomo ka mamilimita awiri kapena atatu. Pakamlomopo unkanyowetsa pang'ono n'kupala ndi lezala kuchotsa mankhwala onyamula chithunzi mpaka patsale lamba woyera. Kenako unkapakapo guluu wa filimu ndi kaburashi, n'kusanjikiza mbali ziwirizo timabowo titalunjikana, n'kupsinja kwa masekondi angapo. Guluuyu samata ngati wa pepala, amasungunula lambayo pang'ono kuti mbali ziwiri zigwirane n'kukhala chinthu chimodzi. N'chifukwa chake ukapanda kupala bwino, guluu amakhala pamwamba pa mankhwala a chithunzi ndipo mfundo imamasuka m'makina anthu akuonera. Ukapala mopitirira, lamba amapyapyala n'kuduka. Guluu akachuluka, filimu imapindika n'kumadumpha podutsa pageti la pulojekita. Ndipo ukaphonya ndi kabowo kamodzi kokha, mzere wa pakati pa tizithunzi umaonekera pachinsalu, mitu ya anthu pansi, miyendo pamwamba, mpaka woonetsa atakonza ndi chogwirira.

Ndiye taganizani za gawo lija la kumapeto. Popeza Micheaux analuka zochitika ziwiri pamodzi, wofuna kuchotsa kupachikako sangadule kawiri kokha n'kumaliza. Ayenera kudula polowa ndi potuluka pa kachidutswa kalikonse, ndipo chotsalacho chimataya tanthauzo, chifukwa tanthauzo linali pa kuika zinthu ziwirizo pambalipambali. Kubwezeretsa nako kumadya filimu, pakuti mfundo iliyonse ukaimasula n'kuimanganso umataya kachithunzi kamodzi kapena tiwiri.

Ankadula makope oonetsa, osati negetivu, lamba woyambirira amene makopewo ankachokerako. Kampani yaikulu inali ndi makope ambiri ndi maofesi ogawa mafilimu m'mizinda, kotero kope la Ohio linkakhala la Ohio, la Pennsylvania n'kukhala la Pennsylvania. Micheaux anali ndi makope ochepa kwambiri, oyenda kuchoka mzinda uno kupita wina. Kope lomwelo linkadulidwa apa, kubwezeretsedwa apo, kudulidwanso mwina kutsogolo. Anthu awiri a m'mizinda iwiri amene ankati aonera Within Our Gates mwina sanaone filimu yofanana.

FUNSO: Ndinamva kuti The Birth of a Nation, filimu yotamanda gulu la Ku Klux Klan, inaonetsedwa ku America konse. Bwanji iyo anailola koma ya munthu wakuda n'kuivutitsa? Mayi wa ku Chipata

YANKHO: Mayi, nayonso inakumana ndi zotchinga, ngakhale sizinafanane. Filimu ya D. W. Griffith imeneyi inatuluka mu 1915, yochokera ku buku la Thomas Dixon. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, limene linayamba mu 1909, linalimbana nayo mzinda ndi mzinda, ndipo ku Boston mkonzi wa nyuzipepala William Monroe Trotter anatsogolera zionetsero mpaka kumangidwa. Ohio ndi Kansas anailetsa kwa zaka zingapo. Ku Chicago mzinda unakana chilolezo koma khoti linalamula kuti ionetsedwe. Griffith anali ndi ndalama za maloya, makope ochuluka ndi anzake amphamvu. Filimuyo inapanga ndalama zosaneneka, ndipo mu Novembala 1915 gulu la Klan, la azungu odana ndi anthu akuda, linadzutsidwanso pa Stone Mountain ku Georgia.

Pali chinthu chowawa apa chimene sitiyenera kuchibisa. Omenyera ufulu wa anthu akuda, posowa chida china, anapempha ounika kuti aletse filimu ya Griffith ponena kuti idzetsa chidani ndi chisokonezo pakati pa mitundu. Chifukwa chomwecho ndicho chinadzagwiritsidwa ntchito pa Micheaux patapita zaka zosakwana zisanu. Lamulo lofunsa kuti kodi filimu ingakwiyitse anthu silifunsa ngati filimuyo ikunena zoona kapena bodza. Mu 1919 mokha anthu akuda oposa 70 anaphedwa ndi magulu olusa popanda kuzengedwa mlandu, choncho zimene Micheaux anaonetsa zinali nkhani za m'nyuzipepala za chaka chomwecho. Komabe pamaso pa ounika, filimu yake ndi ya Griffith zinali m'dengu limodzi, ndipo yopanda maloya ndiyo inamva lumo kwambiri.

Ounika sanamuleke Micheaux ngakhale pambuyo pake. Mu 1925 ounika a ku New York anakana Body and Soul, filimu ya Micheaux imene inali yoyamba kuseweramo woimba wakuda Paul Robeson, chifukwa cha m'busa wachinyengo amene ali m'nkhaniyo, ndipo Micheaux anaifupikitsa kuchoka pa mipukutu 9 kufika pa 5 kuti ipeze chilolezo.

FUNSO: Ngati inadulidwa chonchi, imene ili pa intaneti lero inachokera kuti? Ndi yathunthu? Mphunzitsi wa ku Mulanje

YANKHO: Aphunzitsi, kwa zaka makumi angapo aliyense ankati filimuyi inatayika. Kope limodzi lokha ndilo linapezeka, ku Madrid, m'nyumba yosungira mafilimu ya Filmoteca Española, lili ndi dzina lakuti La Negra ndiponso makadi a mawu a Chisipanishi. Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaika filimuyi pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa wa National Film Registry mu 1992, n'kutulutsa kope lokonzedwanso mu 1993.

Kupulumuka kwake ndi mwayi waukulu, chifukwa mdani wa mafilimu amenewa sanali ounika okha. Lamba wake anali wa nitrate, amene amagwira moto msanga ndipo akayaka sazima ndi madzi, popeza amatulutsa yekha mpweya woyatsira moto. Pa 9 Julaye 1937 nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, inapsa pamodzi ndi mafilimu ake ambiri opanda mawu. Ngakhale moto usabwere, nitrate amawola yekha akakhala potentha kapena pachinyezi. Chithunzi chimayamba kufuwirira n'kusanduka chachikasu, kenako lamba amanata ndi kutulutsa fungo loipa, amatuluka thovu, mpukutu wonse umagwirana kukhala chibuma, mapeto ake ndi ufa wofiirira m'chitini. Mpweya umene amatulutsa umawononganso zitini zoyandikana nazo, n'chifukwa chake osunga amaziika mozizira, mouma, ndipo amazitsegula nthawi ndi nthawi kuti achotse zimene zayamba kuwola. Makampani nawo, mafilimu olankhula atabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, sanaonenso phindu losunga akale. Lipoti la Library of Congress la 2013, lolembedwa ndi David Pierce, linawerenga mafilimu aatali opanda mawu 10,919 opangidwa ku America pakati pa 1912 ndi 1929, n'kupeza kuti 70 pa 100 alionse anatayika kotheratu, ndipo 14 okha pa 100 alipo athunthu m'maonekedwe awo oyamba.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho n'lakuti ayi, si ndendende imene Micheaux anatulutsa. Gawo la kupachika ndi la Armand Gridlestone lilimo, ndipo chimenechi n'chamtengo wapatali, chifukwa ndilo linkadulidwa kwambiri kwawo. Koma mawu amene mukuwerenga pachinsalu ambiri si a Micheaux. Katswiri wa mbiri ya mafilimu Scott Simmon anamasulira makadi a Chisipanishi kubwerera ku Chingerezi, akutsanzira kalembedwe ka m'mabuku a Micheaux ndi m'makadi a Body and Soul. Makadi anayi okha a Chingerezi choyambirira ndiwo anatsalira m'kope la ku Madrid. Chapakati pa filimu palinso kachigawo kamene kanasowa, ndipo okonzawo anaikapo khadi lofotokoza mwachidule zimene zinachitika pamenepo.

Mukamaionetsa kwa ophunzira, auzeni zimenezi isanayambe, ndipo sankhani kope lotchula kuti linachokera ku Library of Congress. Makope ena a pa intaneti amathamangitsidwa pa tizithunzi 24 pasekondi, liwiro la mafilimu olankhula, ndipo anthu amaoneka ngati akuyenda mothamanga pamalo ofunika kulira. Gawo lomaliza lionereni kaye nokha musanaganize za msinkhu wa ana oti alione.